Chipewa cha Ubweya Kumanda

Ine mawu ndinali nawo. Apa sindikunama, mukafunse aliyense wa ku Chikamveka amene ali ndi imvi. Sukulu ndinalekezera panjira. Zolemba mukuonazi ndi za sukulu ya kwacha, ndaziphunzira ndili kale ndi zidzukulu, ndiye pena pakakhota mundikhululukire. Koma pakamwa pokha Mulungu sanandimane.

Ndinakulira m'phiri, kucheka matabwa a paini ndi sowo wa anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje. Kumeneko munthu wa mawu aang'ono amaphetsa anzake. Mtengo ukamagwa umayenera kukuwa kuti ngakhale amayi otola nkhuni kutsidya kwa Mulunguzi amve, athawe. Ine ndikati "Chokaniii!" anyani amene ankatsika m'mitengo.

Msana utandiletsa macheka, anthu a kwathu anandipatsa ntchito ina, yopanda malipiro koma yaulemu: kuyendetsa mwambo wa maliro. Pasiwa ndine ndinkaimirira n'kunena kuti tsopano alankhule akubanja, tsopano ampingo, tsopano tinyamuke. Kumanda ndine ndinkaitana oyala nkhata. Ndipo ndisanayambe chilichonse ndinali ndi mawu anga awiri amene ngakhale ana ankawayerekeza posewera: "Abambo, zipewa!" Pakuti kwathu mwamuna saima pamaliro chipewa chili kumutu, monganso mayi sakhalapo mutu uli pamtunda wopanda duku. Ndikatero, zipewa zonse zinkatsikira pamaondo nthawi imodzi. Zimenezo zinkandikomera, sindibisa.

Zipani zitachuluka kunabwera zimkuzamawu. Zinayambira pa magalimoto a kampeni, kenaka zinalowa m'matchalitchi, mapeto ake zinafika ndi pamaliro pomwe. Mphunzitsi wina wachinyamata wa mumpingo mwathu anagula chake, cha mabatire, chokoleka paphewa. Ankabwera nacho pamaliro alionse n'kuchikhazika pamiyendo ngati khanda. Ine ndinkamuuza anthu akumva, "Aphunzitsi, kachitini kanuko kasungireni ana a sukulu. Ine changa ndinabadwa nacho." Iye ankangoseka n'kuweramitsa mutu.

Zaka zimenezo maliro anali ngati mvula ya mu Januwale. Tikaika kuno, uthenga wina wafika kale. Matenda aja sitinkawatchula dzina, tinkangoti za masiku anozi. Ndipo anthu anasanduka madokotala a maso. Ankayang'ana tsitsi, ankayang'ana milomo, koma makamaka ankayang'ana m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Munthu ukangotupa pamenepo, anthu ankayang'anana, basi mlandu wako watha, akuyamba kukulankhula motsitsa mawu ngati wagona kale m'bokosi.

Tsono khutu langa lamanzere linali lovuta chiyambire ubwana, kuchokera m'masiku amene tinkadumphira m'madzi ozizira a Mulunguzi. Nyengo yozizira linkatuluka mafinya, dzuwa likatentha linkauma. Ndinkalitokosa ndi nthenga ya nkhuku, pena kamtengo ka machesi kokulunga thonje. Sindinaliyesepo matenda. Ndinkati ndi khutu langa, lili ndi khalidwe lake.

Chaka chimenecho silinaume. Fungo linasintha, linakhala ngati la khoswe wofera kudenga. Kenaka fupa la kuseri kwa khutu linayamba kuwawa ngati wina akukhomamo msomali. M'mawa wina ndikusamba ndinagwirapo, ndinapeza patupa. Poyamba panali ngati nthudza. Pang'onopang'ono panakula ngati dzira, pofiira, potentha, mpaka khutu linakankhidwira kutsogolo n'kuima ngati chogwirira cha kapu.

Mayi a kunyumba anaona, pakuti munthu wogona naye mphasa imodzi sungamubisire.

"Bambo, tiyeni kuchipatala," anatero. "Pilo uyu ndatopa naye kuchapa. Ndipo fungo lake si la masiku onse."

"Kuchipatala, kuti ndikakhale pabenchi chotupa chili pamtunda, Chikamveka yense akudutsa? Mawa lomwe mukamva kumsika kuti akuluakulu aja nawo zawapeza."

"Ndiye kuli bwino kufa anthu akukutamani?"

"Mayi, mawu anu achepe."

"Anga achepe? M'nyumba muno mawu aakulu ndi anu, tonse tikudziwa. Koma khutu likuwolalo ndi lanunso."

Sindinapite. Mwana wathu wamkazi anali atandigulira pa kaunjika chipewa cha ubweya, chofiirira, chofika m'makutu. Ndinachivala. Inali nthawi ya chiperoni, phiri lonse lili mu nkhungu, ndiye palibe anadabwa. Pamaliro ndinapeza nzeru. Ndinkachivula ndithu, koma ndinkaima mbali yamanzere ili kukhoma, chipewa chili m'dzanja, dzanja lili pakhutu, ngati mmene amachitira a kwaya pofuna kudzimva. Kumanda ndinkasankha mtengo woima nawo pafupi. Zinayenda choncho kwa kanthawi, ndipo mumtima ndinkati ndawapusitsa.

Koma chisanu chinatha, chotupa sichinathe. Pakhungu panayamba kuchucha madzi. Ndinayamba kuikapo kansalu, chipewa pamwamba. Mutu unkawawa moti kuwerama kuti ndimange nsapato kunali nkhondo. Maliro awiri kapena atatu ndinanamizira msana, ndinakhala pakhomo. Ndili pakhonde ndinkamva kachitini ka aphunzitsi kakulira kutsetse, ndipo zinkandiwawa kuposa khutu.

Ndiye kunabwera uthenga umene sindikanaukana. Anamwalira mnzanga amene ndinacheka naye matabwa zaka zonse zija, iye m'dzenje, ine pamwamba. Munthu amene anameza utuchi wanga osadandaula. Kwawo kunali kufupi ndi Songani. Ana ake anabwera okha kudzandipempha. Anati bambo ananena kuti podzawaika mudzalankhule inu, osati makina.

M'mawa wa tsikulo ndikuchukucha m'kamwa, madzi anatuluka okha mbali yamanzere n'kutsikira pachifuwa. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Diso lamanzere linkakana kutsinzina bwinobwino. Mayi anali pakhomo la khitchini, anaona zonse. Anangondisitira malaya oyera, n'kumanga duku lawo, n'kunena kuti, "Ndipita nawo."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Kansalu kanali katamatirira pachotupa, ndipo ndinadziwa kuti lero chipewa sichivulika. Pasiwa ndinaimirira nacho. Mawu anga awiri aja sindinawanene. Ndikanawanena bwanji? Amuna anavula okha zipewa zawo n'kumandiyang'ana. Ndinayendetsa mwambo mofulumira, mawu ndikuwatulutsira mbali yamanja, ndipo anthu ankaganiza kuti ndi chisoni.

Kumanda ndiye kunali msuweni wanga, mwana wa amalume, amene anakwatira komweko ndipo anali mkulu wa adzukulu okumba manda. Ine ndi iye tinakula tikutukwanana, monga achitira asuweni. Ndiponso kumanda adzukulu ndiwo eni bwalo, akhoza kukunyoza ngakhale uli ndi udindo wotani. Bokosi litatsika, atakwirira, ine ndinaima kuti ndiitane nkhata. Ndinaitana yoyamba, ya amayi a malemu. Ndisanaitane yachiwiri, msuweni anatsamira fosholo yake.

"Asuweni," anatero mokweza, "dzuwa lonseli inu mukadali mu Juni? Kapena mwafungatira mazira mmenemo, tidikire anapiye?"

Anthu anaseka chamumtima, ena anabisa nkhope m'zitenje.

"Salazani manda inu," ndinayankha, "za mitu ya anthu zisiyeni."

"Iyayi, mwambo ndi mwambo. Si inu nomwe mumatikuwira kuti abambo zipewa? Malemuwa moyo wawo wonse akhala akukuyang'anani ali m'dzenje. Lero alowanso m'dzenje, ndiye muwabisire dazi?"

Apa ndiye anthu anaseka poyera, ngakhale ana a malemu anamwetulira. Ine ndinatembenuka kuti ndipitirize. Sindinamuone akubwera, chifukwa anadzera mbali ya khutu losamva. Ndinangomva chipewa chikuzuka.

Chinazuka ndi kansalu komwe, kansalu kanazuka ndi khungu. Ululu wake ndinaona nyenyezi masana. Kenaka ndinamva chinthu chofunda chikutsika m'khosi, kulowa m'kolala ya malaya oyera aja, kutsikira paphewa. Fungo linabuka. Amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo. Mayi wina anatseka mphuno ndi chitenje. Kuseka konse kunazima ngati wathira madzi pamoto.

Msuweni anaima chipewa chili m'manja, kukamwa kuli yasa. Kenaka anayesa kundivekanso, ngati mwana amene waswa kapu ndiye akulumikiza zidutswa.

Ine ndinamukankha. Ndinati ndikakuwa kamodzi kokha, mmene ndinkakuwira m'phiri, anthu aiwala zimene aona. Ndinakoka mpweya wonse. Ndinati ndinene kuti nkhata yotsatira ndi ya ana a malemu. Koma kamwa linathawira kumanja, mpweya unatulukira m'mbali, malovu anagwera pajekete. Chimene chinatuluka sichinali mawu a munthu. Ndinayesanso. Chimodzimodzi.

M'kachetechetemo, khutu langa labwino linamva mayi wina kumbuyo akunong'oneza mnzake mawu amodzi okha.

"Nawonso."

Ndinakakhala pamizu ya mtengo, m'mphepete mwa manda. Patapita kanthawi ndinamva kachitini kaja kakutsegulidwa, aphunzitsi akuitana nkhata ya ana a malemu. Mnzanga wa m'dzenje anaperekezedwa ndi makina amene anawakana.

Palibe anandiyandikira. Amene anabwera ndi mayi a kunyumba okha. Anadzuka pakati pa amayi anzawo, anadutsa pamaso pa amuna onse, anafika pamene ndinali. Anamasula duku lawo pomwepo, kumanda, imvi zawo zonse pamtunda, chinthu chimene mayi wa msinkhu wawo sachita. Anandipukuta nalo m'khosi, n'kundimanga nalo kuzungulira mutu, mfundo ili pansi pa chibwano ngati mwana wodwala matsagwidi.

"Tsopano mwavala duku," anatero chapansipansi. "Tiyeni."

Msuweni anasiya fosholo, anathamangira kumsewu kukaimitsa matola. Tili kumbuyo kwa galimoto, mphepo ikutiomba, anati, "Asuweni, ndikanadziwa..."

"Khalani chete."

Anandimvera mpaka tinayamba kuona nyumba za m'tauni. Kenaka anati, "Komatu kununkha mwanunkha, asuweni. Ine ndakumba manda ambiri, koma izi ayi." Mayi anamumenya ndi chikwama paphewa. Ine ndinafuna kuseka, koma linaseka theka la kamwa.

Kuchipatala adokotala anandiunika m'khutu, anadina fupa, ine n'kukuwa. Anandiuza kuti ndikweze nsidze, nditsinzine, ndionetse mano. Mbali yamanzere inangokhala duu. Anandifunsa kuti ndinkagwira ntchito yanji. Ndinati macheka.

"Ndiye mumva msanga, bambo," anatero. "Fupa ili kuseri kwa khutuli mkati mwake muli timabowo ngati chisa cha njuchi. Mafinya a m'khutu mwanu alowa mmenemo, akhala akudya fupa ngati chiswe, kunja khungwa likuoneka labwino. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa pomwepo, n'chifukwa chake kamwa lapotoka. Ndipo kuseri kwa fupalo kuli bongo. Khutuli layamba liti kutuluka mafinya?"

"Ndili mnyamata."

Anavula magalasi, anayang'ana mayi, anayang'ana ine. Sananditukwane. Bola akananditukwana.

Anandigoneka, anandiika diripi ndi majakisoni. Kutentha thupi kutatsika ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene anandigonetsa tulo, anang'amba kuseri kwa khutu n'kupala fupa lonse lowola. Ndili komweko anandifunsa ngati ndingalole kuyezetsa magazi. Ndinalola, mtima uli m'mwamba. Anabwera kudzandiuza kuti kachilombo kaja mulibe.

Tsiku limenelo ndinadya chakudya chonse cha m'mbale, ndi cha mayi chomwe. Ndinati, "Mayi, tikangofika ndikalengeza. Chikamveka yense amve."

"Mukalengeza kuti?"

"Pamene anthu amasonkhana."

"Anthu amasonkhana pamaliro, bambo. Maliro a eni ake."

Sindinawamvere. Ndinabwerera kunyumba khutu lamanzere litafa, kuseri kwake kuli chipsera ndi kadzenje kolowa chala. Diso linayamba kutsinzina, kamwa linabwerera koma osafika pamalo pake. Anthu ankabwera kudzandizonda. Ankakhala patali, ankalankhula motsitsa mawu, ankasiya nthochi. Mayi akawapatsa madzi, kapu inkabwerera yodzaza. Chilichonse cha zimenezi chinkandiwotcha, ndipo ndinkati dikirani, tsiku likubwera.

Nditapeza mphamvu ndinayamba kukwera njira ya kuphiri m'mawa, kukayeserera mawu pakati pa mitengo ya paini, kopanda anthu. Ndinakonza zonena zanga bwinobwino. Abale, ine ndapita kuchipatala, andiyeza, magazi anga ndi oyera, linali fupa chabe. Ndinkazibwereza mpaka zinakhala ngati nyimbo. Anyani sankatsikanso m'mitengo, ankangondiyang'ana, koma ndinkati ndi anyani a masiku ano, azolowera anthu.

Maliro oyamba nditachira anali a pafupi penipeni. Mayi wina wamasiye, woyandikana nafe nyumba, amene ankatidyetsera nkhuku ndi kutisesera pabwalo ife tili ku Blantyre, anataya mwana wake wamwamuna. Mnyamatayo ankagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni. Anabwera kwa mayi ake atatha thupi, ndipo tonse tinkadziwa chimene chinamutenga. Ndinapita kwa akuluakulu a mpingo kukawauza kuti mwambo uno ndiyendetsa ine. Anayang'anana, koma anavomera.

Ndinaimirira pasiwa, mutu uli pamtunda, chipsera chili poyera. Sindinafune khoma. Anthu anali ambiri, ena a ku maofesi, ena mpaka kumsewu. Ndinaona maso onse akupita kuseri kwa khutu langa. Ndinati nthawi yake ndi ino. Ndinapereka ulemu kwa ampingo ndi kwa anamfedwa. Ndinati, "Abale, ndisanayambe, ine ndapita kuchipatala..."

Pomwepo mayi wamasiye uja anadzutsa mutu. Anali pakhonde, pamphasa, dzanja lili pabokosi la mwana wake. Sanandiyang'ane moipa ayi. Anandiyang'ana modikira, ngati munthu amene akuganiza kuti ndinena mawu omutonthoza. Mawu otsatira anali kale pa lilime: magazi anga ndi oyera. Ndiye a mwana ali m'bokosiyu ndi otani? Ndinene zimenezo pakhomo pa mayi ake, amene anandisesera pabwalo?

Ndinaima kukamwa kuli kotsegula. Thukuta linatsika kudutsa pachipsera. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa a ku Songani, chifukwa ku Songani chinanunkha ndi khutu chabe.

"...ndapita kuchipatala," ndinatero, "ndabwerako. Zikomo pondizonda. Tsopano alankhule akubanja."

Ndinati ndakuwa. M'mutu mwanga zinamveka ngati bingu, pakuti munthu wa khutu limodzi amadzimva yekha kwambiri. Koma akubanja sanadzuke. Anthu a kutsogolo okha ndiwo anagwedeza mitu. Ndiye kuchokera kumsewu kunamveka mawu a mwamuna wina.

"Sitikumva kuno!"

Chibadwire changa palibe anandiuzapo mawu amenewo. Ndinakokanso mpweya, ndinabwereza. Mpweya unathawira m'mbali mwa kamwa.

"Akweze mawu akuluwo!"

Aphunzitsi anadzuka pabenchi. Ndinati basi, abwera kudzanditenga malo, ndipo ndinayamba kuyang'ana pokhala. Koma anafika n'kunjuta pang'ono, kachitini kali m'manja awiri.

"Bambo," anatero chapansipansi, mbali ya khutu labwino, "ingogwirani apa, mudine apa. Musakuwe, kamakuwa kokha."

Anthu onse a ku Chikamveka amene anandimvapo ndikukanyoza kachitiniko anali pomwepo. Ndinayang'ana kwa amayi. Mayi a kunyumba maso anali pa ine, duku lili kumutu. Ndinatambasula dzanja, ndinakalandira. Kanali kopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Nditadina kanalira mokweza ngati nkhumba, ana anatseka makutu, wina anaseka. Ndinayang'ana kumsewu, ndinaona anyamata a ku maofesi ataima ndi tizipewa tawo ta dzuwa.

"Abambo," ndinatero, osakuwa, "zipewa."

Zinatsika zonse, mpaka kumsewu.

Kuyambira tsiku limenelo mwambo ndimayendetsabe ine, koma aphunzitsi amayamba afika ndi kachitini. Ndimakagwirira kumanja, kumene kamwa limagwira ntchito. Nthawi iliyonse ndikamadina, kumaso kumanditentha, sindinazolowere mpaka lero. Chipewa chija mayi anachichapa n'kuchiyala m'dengu mmene nkhuku imaikira. Msuweni akabwera amayamba wasuzumira mmenemo asanandipatse moni, ndipo amati, "Ndinanena ine."

Za magazi sindinalengeze, pamaliro aja kapena ena alionse. Amene anandiweruza ku Songani ena anaiwala, ena ayi. Mayi uja wa mawu amodzi ndinamudziwa, mawu ake sindikanawasokoneza. Ndimakumana naye kumsika akugulitsa masamba. Amandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mwachisoni, "Komatu mukulimba, bambo. Mankhwala ake akukuyanjani."

Lilime limayabwa. Ndimamva mawu aja a pakati pa mitengo ya paini akukwera kukhosi, onse, mmene ndinawakonzera. Ndimawameza.

"Akundiyanja, mayi," ndimatero. "Mpiru uwu ndi wa lero?"